Lipoti la kuyesa chenjezo la pa foni m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Mulanje

Ndimagwira ntchito ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuno ku Mulanje, makamaka mbali ya kum'mawa, kumene msewu umachoka pa boma kudutsa ku Limbuli mpaka pa chipata cha Muloza. Lipoti ili ndi la ntchito imodzi imene tinachita m'nyengo ya dzuwa, mvula yoyamba isanagwe. Tinkafuna kuona ngati chenjezo lotumizidwa pa foni za m'manja lingathe kuchotsa anthu m'mbali mwa mtsinje nthawi ikadalipo. Ndalemba zonse, ndi zolakwa zathu zomwe, chifukwa bungwe la United Nations linakhazikitsa cholinga choti pomafika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense pa dziko lapansi azifikiridwa ndi chenjezo la ngozi, ndipo foni ndi imene aliyense akuiyang'ana kuti ndiyo idzasenze katundu ameneyu. Amene adzayese njira yotere dziko lonse ndi bwino adziwiretu zimene zimachitika uthenga ukatsika pa nsanja ya netiweki n'kulowa m'mudzi.

Chifukwa chake tinasankha kuno

Madzi a ku Mulanje si ofanana ndi a ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Kumeneko Shire amakwera anthu akumuona. Kuno phiri latalika mamita 3,002 pa Sapitwa, ndipo mitsinje ngati Ruo, Lichenya, Muloza ndi Likhubula imachita kugwa kuchokera pamwamba. Mvula ikhoza kukhuthuka usiku wonse kuphiri pamene kumudzi kukungowaza, ndiye munthu amangomva mkokomo, madzi afika kale, atasenza miyala ndi mitengo. Makolo athu anachitcha napolo. Anamuona ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka n'kupha anthu mazanamazana, ndipo chaka chomwecho dziko linapanga lamulo lake loyamba loona za ngozi zotere. Tinamuonanso mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena oposa 500 osapezeka, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza pa 13 Malichi kuti chigawo cha kummwera chili pa ngozi. Lamulo latsopano la 2023 linabwera pambuyo pa maliro amenewo.

Chinthu chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti pa Freddy chenjezo linalipo. A nthambi yoona za nyengo ananena masiku angapo namondweyo asanafike, mawayilesi anaulutsa, anthu ambiri anamva. Koma kumva kuti kummwera kugwa mvula yamphamvu ndi kwina, kuuzidwa kuti inu a nyumba iyi tulukani usiku uno ndi kwinanso. Mpata umene uli pakati pa ziwirizi ndi wathu, ife ogwira ntchito kumudzi, ndipo ndi umene tinkafuna kuuyeza.

Zimene tinakonza

Tinatenga midzi itatu yoyandikana, iwiri ili m'mbali mwa mtsinje, wina uli chokwerako pang'ono. Tinayamba ndi mafumu, kenako makomiti. Komiti iliyonse inayenda khomo ndi khomo kulemba manambala a foni a amene anavomera, n'kumawafotokozera kuti tsiku lina sabata yotsatira kudzabwera uthenga woyeserera, ndipo akadzaulandira adzanyamuke kupita ku sukulu monga angachitire pa ngozi yeniyeni. Tsiku tinawauza, ola sitinawauze. Manambalawo tinawapereka ku kampani ina yotumiza mauthenga ambiri nthawi imodzi. M'mudzi uliwonse tinaikamo achinyamata awiriawiri ndi kope, kuti azilemba nthawi imene foni yalira pa khomo lakutilakuti ndi nthawi imene anthu a pa khomopo afika ku sukulu.

Uthengawo ndinaulemba ndine, pa kompyuta ya ku ofesi, ndipo unali wotere: "Chenjezo: madzi osefukira akubwera m’dera lanu. Chokani m’mbali mwa mtsinje tsopano, pitani ku sukulu. Tengani ana ndi okalamba. UKU N’KUYESA CHABE." Ndinawerenga zilembo, ndinapeza kuti sizikufika 160, umene ndi mulingo wa SMS imodzi. Ndinakhutira.

Tsiku loyesa

Tinatumiza cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ine ndinali nditakhala pa khonde la wapampando wa komiti m'mudzi wa kumunsi kwenikweni. Foni yanga inalira pasanathe mphindi. Ya wapampando, kafoni ka mabatani kokhala ndi tochi kumutu, inalira patapita kanthawi, ndipo atanditambasulira kuti ndione ndinazizidwa nkhongono. Uthenga unali utabwera mbali yoyamba yokha, wodukira pakati pa mawu. Mbali yachiwiri inatsatira. Yachitatu, imene munali mawu oti kuyesa, inachedwa kwambiri, ndipo pa mafoni ena inafika anthu atanyamuka kale.

Chinachitika n'chiyani? Ndinadzamvetsa madzulo ake. SMS imanyamula zilembo 160 pokhapokha ngati zilembo zonse zili za mu mndandanda wamba wa mafoni. Mukangoikamo chilembo chimodzi chachilendo, monga ŵ wa mu dzina la Malaŵi, uthenga wonse umasintha kalembedwe ndipo umanyamula zilembo 70 zokha, kapena 67 pa chidutswa chilichonse ngati uli wautali. Ine ŵ ndinamupewa. Chimene chinandipha ndi kankhodolero ka mu mawu ngati m'dera ndi m'mbali. Pulogalamu yolembera makalata pa kompyuta imakapinda yokha kuti kaoneke bwino, ndipo kopindikako sikali mu mndandanda uja, pamene kowongoka kali momwemo. Chichewa chathu n'chodzaza ndi timankhodolero: m'mudzi, m'phiri, ng'oma, n'kupita. Uthenga wanga umodzi unasanduka zidutswa zitatu, ndipo mawu ofunika kwambiri pa tsikulo ndinali nditawaika kumchira.

Wina anganene kuti anthu anali atauzidwa kale kuti n'zoyesa. Anauzidwa amene anapezeka pakhomo tsiku loyenda khomo ndi khomo. Panali mayi wina amene anali atapita kwa mchemwali wake sabata imeneyo, n'kubwera dzulo lake usiku. Pa Freddy anataya mwana ndi mayi ake omubereka. Mwana wa neba anamuwerengera chidutswa choyamba mokweza, iye anangonyamula wamng'ono, osabereka n'komwe, n'kuthamanga chokweza, akukuwa. Kumwamba kunali kopanda ngakhale kamtambo. Amayi anzake anakamupeza atakhala pansi m'munda wa chinanazi, akunjenjemera, mawu osatuluka.

Ndinapita kukamuona tsiku lomwelo, limodzi ndi amfumu. Ndinati, "Mayi, pepani ndithu. Olakwa ndife, inu simunalakwe kanthu." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Alangizi, tsiku lija kunalinso chonchi. Anthu ankati dikirani tione." Ndinalibe choyankha. Mayi ameneyu ndi yekhayo m'mudzi monse amene anachita zimene uthengawo unkanena, pa liwiro limene napolo amafuna, ndipo ife tinamubwezera ku tsiku loipitsitsa la moyo wake. Tinapempha amayi a mvano a ku mpingo wake kuti azimuyendera, ndipo ine ndinabwererako kangapo. Kuyambira pamenepo, tisanayese chilichonse timayamba tafunsa komiti kuti ndi makomo ati amene anaika maliro pa namondwe, ndipo amenewo timawauza pamaso, tsiku ndi ola lomwe.

Kumene mafoni anali

Makope a achinyamata aja atabwera, nkhani yaikulu sinalinso ya zidutswa. Inali ya kumene foni inali pa ola limenelo.

Pa makomo ambiri foni ndi imodzi, ndipo imayenda ndi bambo. Bamboyo anali kuesiteti akuthyola tiyi, kapena pa kabaza ku Limbuli. Uthenga unafikadi, koma unafikira munthu amene ali pamalo otetezeka, pamene mayi ali kudimba m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ana akusamba pa dooko. Mafoni ena anali kokatchajitsa ku golosale ya sola, ataikidwa pa shelefu ndi anzawo, onse akulira opanda owayankha. Ena anali ozimitsa dala, mwiniwake akusunga moto kuti adzayatse madzulo. Kufupi ndi malire tinapeza anthu amene simu imene analembetsa kwa ife anaichotsa n'kuikamo ya ku Mozambique, chifukwa pamalo pamene amakhala ndiyo imagwira bwino.

Ndiye panali amene analandira, anaona, n'kufufuta osawerenga mpaka kumapeto. Uthenga wathu unabwera ndi nambala yachilendo, osati dzina. Anthu kuno atopa ndi mauthenga a akamberembere, oti mwawina, oti ndalama ija tumizani pa nambala iyi. Aphunzira kusakhulupirira chilichonse chochokera ku nambala yosadziwika, ndipo sindingawadzudzule, nzeru imeneyo yawapulumutsa kambiri. Tinali titapempha kampani ija kuti pamwamba pa uthenga pazioneka dzina, koma sizinatheke pa tsikulo, ndipo ife sitinayese pa foni imodzi kaye tisanatumize kwa onse.

Anganga ena a m'mudzi wachiwiri foni ali nayo, anawagulira mwana wawo amene ali ku Joni. Anaimva ikulira, anaitenga, anaiika pansi pa mtsamiro kudikira mdzukulu aweruke ku sukulu adzawawerengere. Nditawafunsa anati, "Mwana wanga, ine ndimadziwa kuyankha basi. Zolembazo ndi za ana." Pakhomo pawo ndi pa mtsinje, mwala ukhoza kufika utauponya.

M'mudzi wa pamtunda uja zinthu zinayenda mosiyana, ndipo si chifukwa cha mafoni. Mlembi wa komiti, mtsikana amene amagulitsa mandasi pa msewu, atangolandira chidutswa choyamba anaimba wezulo n'kuthamangira kwa mkulu wa mpingo, belu linalira. Anthu amene analibe foni n'komwe anafika ku sukulu msanga kuposa eni mafoni a m'midzi ya kumunsi. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ndi zimene makope anaonetsa: anthu ananyamuka atamva mawu a munthu amene amamudziwa.

Njira ya ku sukulu

Chinthu china sitikanachiona tikanangokhala mu ofesi kuwerenga kuti mauthenga angati afika. Ndinayenda ndi gulu la m'mudzi wa kumunsi kupita ku sukulu, ndipo pakati pa njira tinatsikira m'khwawa louma, la mchenga ndi miyala yoyera, ana akudumphadumpha. Amfumu anaima pakati pake, anagogoda mwala waukulu ndi ndodo yawo, n'kundiuza kuti mwala umenewo kale kunalibe, unabwera ndi Freddy. "Madzi saiwala khwawa, alangizi. Mwezi wa Malichi pano sipadutsa munthu." Uthenga wathu unkatuma anthu kuti awoloke malo amene napolo amadzera. Sukuluyo inalembedwa kale m'mapepala kuti ndi kothawira chifukwa ndi yaikulu ndipo ili ndi zimbudzi ndi mjigo, ndipo ndi yabwinodi kwa anthu okhala pa msasa masabata angapo. Koma kothawira usiku wa ngozi ndi kwina. Tinagwirizana kuti a tsidya lino azikwera ku tchalitchi chimene chili pa chulu mbali yawo yomweyo, ku sukulu adzapite madzi akaphwera.

Za njira yofikira mafoni onse nthawi imodzi

Mavuto ena amene tinakumana nawo ndi a SMS, ndipo njira imene mayiko ena amagwiritsa ntchito, yotchedwa cell broadcast, imawachotsa. SMS ili ngati kalata: imafuna nambala, imapita kwa mmodzimmodzi, ndipo ikachuluka imaima pa mzere. Cell broadcast ili ngati munthu waima pa chulu ndi chinkuzamawu. Nsanja ya netiweki imaulutsa uthenga kamodzi, ndipo foni iliyonse imene ili pansi pa nsanjayo imaulandira, kaya mwiniwake analembetsa kaya ndi mlendo wangofika pa minibasi. Mumasankha nsanja za dera limene lili pa ngozi, ndiye a ku Limbuli angachenjezedwe osadzidzimutsa a ku Luchenza. Sipafunika mndandanda wa manambala, umene ife unatidyera masiku, ndipo pa mafoni amakono uthengawo umabwera ndi kulira kwakekwake, kosiyana ndi kwa SMS ya akamberembere.

Dziko la United Kingdom linayesa njira imeneyi dziko lonse Lamulungu pa 23 Epulo 2023 nthawi ya 3 koloko masana, ife kuno tikadali m'misasa ya Freddy. Analengeza masabata angapo tsikulo lisanafike. Mafoni analira pafupifupi masekondi 10, ngakhale amene anatsekedwa mawu. Komabe anthu ambiri ndithu sanalandire, makamaka a pa netiweki imodzi, ndipo njira yawoyo imagwira pa mafoni a 4G ndi 5G okha. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwa ife. M'midzi imene tinayesa, foni imene imapezeka kwambiri ndi ya mabatani. Tsiku limene njira yotere idzayesedwe kuno, isadzayesedwe pa mafoni a anthu a mu ofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre n'kunena kuti yatheka. Adzatenge timafoni timene timagulitsidwa pa msika wa Limbuli, mtundu ndi mtundu, adzaone tomwe tikulira ndi tomwe tili zii.

Palinso zimene cell broadcast singakonze. Sikuuzani kuti ndani walandira, chifukwa foni siyankha, choncho pamafunikabe anthu ndi makope m'midzi. Siwerengera anganga aja. Siyatsa foni yozima. Ndipo imafa pamodzi ndi nsanja: pa Freddy magetsi anazima masiku angapo, misewu inaduka, ndipo m'malo ambiri netiweki inatha pa nthawi imene inkafunika koposa. Ichi n'chifukwa chake ndimalimbikira kunena kuti uthenga wa pa foni umene ungapulumutse anthu ambiri kuno si wa pakati pa usiku madzi ali m'njira. Ndi wa masana a dzulo lake, kukadali kowala, netiweki ikadalipo, woti usiku uno musagone kumtsinje.

Ndani adine batani

Funso ili linatitengera msonkhano wathunthu. Pa 13 Januwale 2018 ku Hawaii, m'dziko la America, kunatumizidwa molakwika uthenga woti mzinga ukubwera, ndipo panatenga mphindi 38 kuti atumize wina wotsutsa. Ndinawafotokozera a komiti nkhani imeneyi, ndipo sanafune kuimasulira kwambiri, chifukwa anali ataona okha zimene zinachitikira mayi uja. Chenjezo labodza likabwera kawiri, lachitatu anthu adzatembenuka n'kupitiriza tulo. Koma kuopa kulakwa kungachititsenso munthu kugwira foni m'manja, akudikira bwana amene sakuyankha, madzi akutsika.

Tinagwirizana motere. Chenjezo la masana, lokonzekeretsa, lizitsatira zimene anena a zanyengo ndi a nthambi yoona za ngozi kudzera ku khonsolo, ife tizingolimasulira kuti likhale la mudzi wakutiwakuti. Chenjezo la thawani tsopano lisamadikire aliyense wa ku boma. Kumtunda kwa mtsinje kuli mlimi amene nyumba yake ili pamalo okwera poonekera madzi, ndipo pa mwala wa pafupi tinapakapo penti, yobiriwira, yachikasu ndi yofiira. Madzi akafika pofiira, kapena akasanduka matope n'kuyamba kugubuduza miyala, iye amaimbira anthu awiri a komiti, ndipo aliyense wa awiriwo ali ndi mphamvu yoliza wezulo. Tinakonzeratunso uthenga wonena kuti ngozi yadutsa, chifukwa pa tsiku loyesa anthu ena anabwerera kunyumba paokha atangoona kuti palibe chikuchitika.

Kuyesa kwachiwiri

Tinabwereza patapita masabata angapo. Uthenga ndinaulemba pa foni penipeni, ndi timankhodolero towongoka, ndipo tinautumiza kaye pa timafoni ta mabatani tingapo kuti tione ngati ukufika wathunthu. Mawu oyamba anali KUYESA CHABE. Dzina la wotumiza linaoneka, ndipo tinali titalitchula pa misonkhano, ku tchalitchi ndi ku mzikiti kuti anthu alizolowere. Mawu oti madzi osefukira tinawachotsa, titakambirana ndi akuluakulu. Iwo anati madzi amasefukira chaka chilichonse, anthu amangokweza ufa pamwamba n'kukhala. Mawu amene amadzutsa munthu kuno ndi napolo. Tinagwirizananso kuti mawu amenewa asamatchulidwe mwachisawawa, akhale a chenjezo lofiira lokha.

Kusintha kwakukulu kunali kwakuti tinasiya kuwerenga mafoni, tinayamba kuwerenga makomo. Komiti inagawa mudzi m'timagulu ta nyumba zoyandikana, nthawi zambiri za mbumba imodzi, ndipo kagulu kalikonse kali ndi munthu amene amagona pomwepo, foni yake siizima usiku m'nyengo ya mvula, ndipo ali ndi wezulo. Ambiri mwa amenewa ndi amayi. Aliyense amadziwa pa dzina anthu amene sangathawe okha mu kagulu kake: okalamba, oyembekezera otopa, odwala, ndi bambo wina wosamva amene wezulo ndi belu sizimuthandiza, amafunika kumugwedeza. Belu nalo tinalipangira kaimbidwe kake, kofulumira kosalekeza, kuti lisafanane ndi la maliro kapena la mapemphero.

Ulendo uno anganga aja anafika ku tchalitchi ali pa njinga ya mdzukulu wa neba, foni yawo ili m'nsalu, uthenga usanawerengedwe. Mayi amene anathamangira m'chinanazi uja anapempha yekha kuti apatsidwe wezulo wa kagulu kake.

Zotsala

Kuyesa konse kuwiri kunachitika masana, kouma, anthu akudziwa tsiku. Napolo amene anatipweteka anabwera mvula ikugwa masiku otsatizana, malata akulira moti munthu sangamve mnzake m'nyumba momwemo, njira zili terereka, anthu akuopa kusiya mbuzi ndi chimanga kwa akuba. Nkhani ya katunduyi inatuluka pa msonkhano uliwonse, ndipo amfumu avomera kusankha anyamata oti azilondera ali pamalo okwera. Kutchaja kukadali vuto, chifukwa sola sigwira bwino kukachita mitambo masiku atatu. Tikufunafuna mabatire osungira moto a anthu a mawezulo aja. Mlimi wa kumtunda akufunika tochi yamphamvu, popeza penti ya pa mwala usiku sioneka. Makomo a kufupi ndi malire tawalembanso, ndi manambala onse awiri.

Komiti ya mudzi wa kumunsi yapempha kuti kuyesa kwachitatu kukhale kwa usiku, mvula itayamba, ndipo kuti ine ndidzagone konko. Makomo amene anaferedwa tawauza kale, ndipo awiri anena kuti tsiku limenelo adzakagona ku tchalitchi kusanade.